Khoko la mota ya roketi likapsa: zimene lingachitenso ndi zimene silingachite

Kuno ku Mulanje, monga kwina kulikonse m'dziko muno, chinthu sichitayidwa chikadali ndi maonekedwe ake. Chitini cha mkaka chimasanduka koloboyi, thayala lakutha limasanduka nkhwayira ndi malegeni omangira katundu pa njinga, ndipo botolo la madzi limakagulitsiramo thobwa pa msika wa Chitakale. Choncho sindinadabwe pamene, titangoulutsa karoketi kathu koyamba pa bwalo la mpira la sukulu imene ndimaphunzitsako sayansi, mnyamata wina wa Fomu 3 anasolola khoko la mota likadali lofunda, nalinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, popeza chubuchi sichinang'ambike, bwanji tingothiramonso wonga wa m'makombola kuti mawa tiulutsenso?" Funsoli linali ndi maziko, chifukwa mamota a maroketi oseweretsa sapezeka wamba kwathu kuno, saloledwa m'chikwama cha wokwera ndege popeza ali m'gulu la zophulika, ndipo amene wawapeza ochepa amawawerenga ngati ndalama za fizi. Koma yankho lake limadalira mtundu wa khoko limene munthu wagwira, pakuti makokowa alipo a mitundu iwiri: la pepala, limene linapangidwa kuti lipse kamodzi kokha, ndi la aluminiyamu, limene linapangidwa kuti lizitsukidwa ndi kuikidwanso mankhwala ochokera ku fakitale. Ngozi zambiri za masewerawa zimabadwa pamene munthu wasokoneza ziwirizi.

Mota yaing'ono imene ambiri amayambira ndi chubu cha pepala lolimba, lokulungidwa kambirimbiri ndi kumatidwa, chotalika mamilimita 70 ndi chonenepa mamilimita 18, ngati chala cha munthu wamkulu. Kumunsi kwake kuli nozo yadongo lotsinderedwa, yokhala ndi kabowo pakati, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya nozo ya sipuleya yopopera mbewu: kupanikiza zotuluka kuti zituluke ndi liwiro. Pamwamba pa nozo pali wonga wakuda wotsinderedwa umene umakankha roketi. Pamwamba pa wongawo pali mankhwala ena oyaka pang'onopang'ono, ongotulutsa utsi, amene amapereka mpata woti roketi imalize kukwera ndi liwiro limene yatenga kale. Kumapeto kuli kawonga kochepa kotulutsa parachuti, kotsekedwa ndi kachivundikiro kadongo. Pa khokolo pamalembedwa chizindikiro monga C6-5. Chilembo chimanena mphamvu yonse ya mota, ndipo chilembo chilichonse chimawirikiza kawiri chinzake: A imathera pa ma newton-second (muyeso wa mphamvuyo) 2.5, B pa 5, C pa 10, D pa 20, mpaka G pa 160. Nambala 6 ndi kukankha kwapakatikati m'ma newton, kumene kukufanana ndi kulemera kwa shuga wopitirira pang'ono theka la kilogalamu, ndipo 5 ndi masekondi amene amadutsa parachuti isanatuluke. Kukankha konseko sikufika masekondi awiri, komabe kumakwanira kuponya karoketi kopepuka mamita 300 m'mwamba.

Kapangidwe kameneka kanabwera ngati mankhwala a vuto lomwe mnyamata wanga uja ankafuna kuliyambitsanso. M'chaka cha 1954, Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska ku America, amenenso ankadziwa za makombola, anapanga mota yoyamba ya mtunduwu mothandizana ndi m'bale wake Robert. Dziko la Soviet Union litaponya m'mlengalenga setilaiti yoyamba yotchedwa Sputnik pa 4 Okutobala 1957, achinyamata ambiri a ku America anatengeka ndi maroketi, nayamba kuthira mitu ya machesi ndi mankhwala ena m'mapaipi achitsulo, ndipo ambiri anaduka zala, kuphulika maso, ena kumwalira kumene. G. Harry Stine, amene anagwirapo ntchito yoona za chitetezo pa malo oyeserapo mizinga a White Sands, anaona kuti njira yopulumutsira anawa sinali kuwaletsa maroketi ayi, koma kuwachotsera ntchito yosakaniza ndi kutsindira wonga. Iye ndiye anayambitsa bungwe limene linadzakhala National Association of Rocketry, ndipo mu 1958 Vernon Estes anayambitsa kampani ya Estes ku Denver m'chigawo cha Colorado, napanga makina otsindira mamota amene anawatcha Mabel. Mpaka lero malamulo achitetezo a bungwelo amati munthu agwiritse ntchito mamota ovomerezeka opangidwa ku fakitale okha, ndipo asawasinthe mwanjira iliyonse. Kudzazanso khoko la pepala ndi kubwerera kumene masewerawa anathawako.

Chifukwa chachikulu chagona pa kusiyana kwa wonga wotsinderedwa ndi wonga womasuka. Ku fakitale, makina amatsindira wonga ndi mphamvu yaikulu zedi mpaka umasanduka chibuma chimodzi cholimba ngati mwala, chomamatirira ku khoma la pepala popanda mpata ngakhale wa tsitsi. Moto ukayamba pa nozo umangopeza nkhope imodzi yoti udye, choncho umayenda kuchokera pansi kupita pamwamba monga mmene ndudu imapsera, ndipo mpweya wotentha umene ukupangika umakwanira kutulukira pa kabowo kaja. Wonga wothira ndi manja, ngakhale munthu ausindikize ndi kamtengo mpaka thukuta, umatsala ndi timipata pakati pa timibulu take ndiponso m'mbali mwa khoma. Moto umalowa m'timipatato nthawi imodzi, wonga wonse umayaka m'kuphethira kwa diso, ndipo mpweya umachuluka kuposa umene kabowo kangatulutse. Chimene chinali mota chimasanduka bomba. Achikulire amene anaonapo mfuti za gogodela akudziwa kuti wonga womasuka umafuna mpope wachitsulo wokhuthala kuti uupirire, ndipo ngakhale mipope imeneyo inkang'ambikira eni ake. Kuwonjezera apo, kugogoda wonga ndi nyundo kungauyatse munthu akadali chowerama pamwamba pake, ndipo mankhwala a m'makombola ena ndi aukali kuposa wonga wakuda, opangidwira kuphulika osati kukankha.

Ngakhale mota ya ku fakitale imaphulika ikasungidwa mosasamala, ndipo izi zikusonyeza mmene mgwirizano wa wonga ndi pepala ulili wosachedwa kuonongeka. Mota ikagwa pa simenti, kapena ikakhala m'nyumba yamalata kumene masana a mu Okutobala kumatentha ngati ng'anjo koma m'mawa wa mu Juni kumazizira mpaka mano kuguguda, pepala ndi wonga zimafutukuka ndi kukhwinyata mosiyana, chibuma chija chimachita mng'alu kapena chimalekana ndi khoma. Poyatsa, moto umadutsa mumng'alumo, nozo imathothoka kapena moto umatulukira kumutu kwa roketi. Eni masewerawa amatcha ngoziyi CATO. Ngati kamng'alu kosaoneka ndi maso kangachite zimenezi pa mota yatsopano, munthu angaganizire yekha za khoko lopsa lodzazidwa pa khonde.

Kuti ophunzira adzionere okha, tinadula khoko limodzi m'litali ndi sowo yodulira zitsulo, titatsimikiza kuti munalibe chotsala. Kunja linkaoneka lamphumphu, zilembo zake zikuwerengeka bwinobwino. M'kati nkhani inali ina. Khoma linali lakuda bii, ndipo pokanda ndi chikhadabo mizere ya pepala inkafumfutuka ngati makala a mapesi, makamaka pafupi ndi nozo, pamene moto unakhalitsa kuposa pena paliponse. Mizere yotsatira inali yofiirira ndi yolekana, moti mpeni unkalowa pakati pake popanda kukakamiza. Kabowo ka nozo, titakayerekeza ndi ka mota yosayatsa, kanali katakula ndi kukumbika m'mbali. Pa zinthu zitatuzi palibe chimene munthu angachibwezeretse. Khoma lopyapyala silingapirire pulesha imene linapirira poyamba, wonga watsopano sungamatirire pa makala, ndipo nozo yokula bowo imasintha kayakidwe konse, kotero kuti chizindikiro cha C6-5 chija chimakhala bodza. Wopanga anawerengera kuti pepalalo lidzadyedwa pang'ono pa ulendo umodzi, nalipatsa kukhuthala kokwanira ulendo umodziwo basi.

Palinso nkhani ya chinyontho, imene kwa ife a kunsi kwa phiri ndi yaikulu kuposa mmene ilili kwa anthu a ku Colorado. Wonga wakuda ukapsa umasiya mwaye wokhala ndi michere ya potaziyamu ndi sulufule, umene umanunkha ngati dzira lovunda ndiponso umakoka madzi a mumpweya. Makoko athu oyamba ndinawasiya m'kabati ya labu mu Julayi, chiperoni chitakuta phiri kwa sabata yathunthu. Pokawatenga ndinapeza m'kati mwake muli chinyezi chakuda chonanda, pepala litafufuma moti silinkalowanso m'chubu cha roketi, ndipo sizasi imene inagona nawo m'bokosi limodzi inali itachita dzimbiri. Kuyambira pamenepo timapala mwaye tsiku lomwelo ndi sandipepa wokulungidwa pa pensulo, kuyanika makokowo pa dzuwa, ndi kuwasunga m'botolo lotseka bwino.

Timawasunga chifukwa khoko la pepala lopanda kanthu lili ndi ntchito zambiri, ndipo zonse zimachokera pa chinthu chimodzi: kukula kwake ndi kofanana ndendende ndi mota yeniyeni. Pomanga roketi pamafunika kamphete kolimba m'kati mwa chubu, kotsekereza mota kuti isalowerere kumutu ikayamba kukankha. Kamphete kameneka kamadulidwa bwino kuchokera kumtunda kwa khoko lakale, kumene moto sunadye kwambiri, kokhuthala mamilimita 5 kapena 6. Khoko lina lamphumphu ndilo limakankhira kamphetako m'malo mwake: mumalilemba mzere pamene mukufuna kuti mota idzathere, mumapaka guluu m'kati mwa chubu, mumakankha kamodzi n'kamodzi mpaka pa mzere, n'kulisolola nthawi yomweyo. Amene wazengereza pakati pa njira, guluu wa matabwa amagwira pepala pa pepala mwamsanga, ndipo khokolo limakhala mmenemo mpaka kalekale. Roketi imodzi ya ophunzira anga inathera pomwepo isanaone ndi thambo lomwe. Khoko lotsomekedwa pa kandodo limakhalanso chogwirira popenta, ndipo lovekedwa pa ndodo yachitsulo youlutsirapo limakweza roketi pang'ono kuti moto wobwerera kuchokera pa lata la pansi usawaule zipsepse.

Ntchito ina yosangalatsa ndi yochepetsera malo. M'kati mwa khoko la mamilimita 24 mukachotsa nozo ndi kupala bwino mumalowa mota ya mamilimita 18, ndipo m'kati mwa la 18 mumalowa kamota ka 13. Choncho roketi imene inamangidwira mota yaikulu ingaulutsidwe ndi yaing'ono pa bwalo lochepa, malinga ngati ili yopepuka moti motayo ingainyamule ndi liwiro lokwanira. Chimodzimodzinso, mota ya D ndi ya E zonse ndi zonenepa mamilimita 24, koma D ndi yotalika 70 pamene E ndi 95, kotero kachidutswa ka mamilimita 25 kodulidwa ku khoko lakale kamadzaza mpatawo. Apa khoko likugwira ntchito ya paipi yapepala chabe; pulesha ikupiriridwa ndi mota yatsopano imene ili m'kati mwake.

Pali ntchito imodzi imene ambiri amaiphonya, ndiyo kuyesa ngati roketi idzauluka molunjika. Mumamanga chingwe pamene roketi ikukhazikika osapendekera mbali iliyonse, n'kuizunguza pamwamba pa mutu. Ikaloza kutsogolo ndiye kuti ili bwino, ikamagudubuzika ndiye kuti kumutu kukufunika kulemera kapena zipsepse zikufunika kukula. Palibe wofuna kuzunguza mota yamoyo pakati pa ana asukulu, choncho anthu amaikamo khoko lakale. Vuto ndi lakuti C6-5 yatsopano imalemera pafupifupi magalamu 24, pamene khoko lake lopsa silifika ndi theka lomwe la kulemerako. Roketi yoyesedwa ndi khoko lopanda kanthu imaoneka yokhazikika, koma tsiku loulutsa, kulemera kukachuluka kumchira, imazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mankhwala ake ndi kudzaza khokolo ndi mchenga wouma mpaka sikelo ya mu labu isonyeze kulemera kwa mota yeniyeni, kulitseka ndi guluu, ndi kulipaka penti yofiira kuti wina asadzalisokoneze ndi lamoyo.

Mtundu wachiwiri ndiwo umayankha funso la mnyamata uja m'njira imene akatswiri amavomereza. Mu 1990 kampani ya AeroTech ku America inayamba kugulitsa mamota odzazanso, amene inawatcha RMS, ndipo pambuyo pake kunabwera makampani ena monga Cesaroni ya ku Canada ndi Loki Research. Khoko lake ndi paipi ya aluminiyamu yokhala ndi zotsekera ziwiri, cha kumutu ndi cha kumchira, zomangidwa ndi mazinga kapena ndi timphete tachitsulo tolowa m'ngalande. Makokowa alipo a mamilimita 18, 24, 29, 38, 54, 75 ndi 98. Lodziwika kwambiri kwa oyamba kumene ndi lolembedwa 29/40-120, kutanthauza kunenepa kwa mamilimita 29 ndi mankhwala a mphamvu yapakati pa ma newton-second 40 ndi 120, ndiye kuti khoko limodzi limatumikira mamota a E, F ndi G. Mankhwala ake si wonga wakuda koma APCP, msakanizo wa ammonium perchlorate ndi mphira, wooneka ngati labala yofufutira pensulo, wa mtundu womwewo umene unkayendetsa maroketi aakulu a m'mbali mwa chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Space Shuttle.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti "kudzazanso" pano sikutanthauza kupanga mankhwala. Munthu amagula paketi ya ku fakitale yokhala ndi zonse zimene moto umakhudza: zibuma za mankhwala, chubu cha m'kati chotchinga moto, nozo, ma O-ring (timphete tamphira totseka mipata), kachibuma kochedwetsa, timawashala totchinga, kawonga ka parachuti ndi choyatsira. Zonsezi zimapsa kapena kuonongeka pa ulendo umodzi ndipo zimatayidwa, kupatula nozo za graphite (chakuda chija cha m'kati mwa pensulo) za mamota ena, zimene zimagwira maulendo angapo koma zimasweka msanga zikagwa. Khoko la aluminiyamu limapulumuka chifukwa chimodzi chokha, choti moto suliona. Lawi la APCP limatentha kupitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo amayamba kufooka kalekale asanafike pamenepo. Mtundu wa 6061-T6, umene makoko ambiri amapangira, umapeza kulimba kwake potenthedwa mwaluso ku fakitale, ndipo ukatenthanso kupitirira madigiri 200 kulimbako kumayamba kuchoka osabwereranso. Ntchito inagawidwa pawiri: chubu cha m'kati chimalimbana ndi moto, aluminiyamu amalimbana ndi pulesha, imene imaposa ya m'thayala la galimoto kakhumi kapena kupitirira apo. Pa khoko la pepala ntchito ziwirizi zili pa chinthu chimodzi, n'chifukwa chake limafa ndi ulendo wake.

Aluminiyamu sanasankhidwe chifukwa cha kupepuka kokha. Pulesha ikapyola malire, paipi ya aluminiyamu imatupa ndi kung'ambika, kapena chotsekera chimathothokera kumapeto, ndipo opanga amafuna kuti izilephera motero. Paipi yachitsulo imapirira mpaka pulesha itakwera kwambiri, kenako imamwazika tizidutswa ngati bomba la nkhondo, ndipo paipi ya PVC ya madzi imasweka tizidutswa takuthwa ngati galasi. Ndikunena izi chifukwa mmisiri aliyense wowotcherera pa Luchenza angakupangireni paipi yachitsulo yokhala ndi mazinga mbali zonse pa mtengo wochepa, ndipo kwa wosadziwa imaoneka yolimba kuposa ya kunja ija. Kulimba kwakeko ndiye ngozi yake.

Zimene zimasunga moto m'malo mwake ndi ma O-ring, timphete tamphira tofanana ndi timene amakaniki amaika pa pampu ya dizilo. Phunziro lalikulu la timphete timeneti linaperekedwa pa mtengo wowawa. Maroketi a m'mbali mwa Space Shuttle, imene inauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, anali ndi makoko achitsulo ogwiritsanso ntchito: ankagwera m'nyanja ya Atlantic ndi maparachuti, sitima ziwiri zotchedwa Liberty Star ndi Freedom Star zinkawakoka, ndipo ankatsukidwa, kupimidwa ndi kudzazidwanso ku Utah. Pa 28 Januwale 1986, m'mawa wozizira kwambiri, O-ring ya pa mfundo imodzi ya roketi ya kumanja inauma ndi kuzizira n'kulephera kutseka, moto unatulukira m'mbali, ndipo chombo cha Space Shuttle chotchedwa Challenger chinaphwasuka patangopita masekondi 73, anthu onse 7 n'kufa. Pofufuza ngoziyo, wasayansi Richard Feynman anaviika kachidutswa ka mphirayo m'kapu ya madzi a ayezi pamaso pa anthu, naonetsa kuti sikankabwerera msanga m'malo mwake. Pa mota ya mamilimita 29 lamulo ndi lomwelo. O-ring imene yagwira kale ntchito yaphwatalala ndi kuuma, ndipo kuibwezeramo pofuna kusunga yatsopano ndi kutaya khoko la ndalama zambiri chifukwa cha kamphira. Imapakidwa girisi pang'ono, wongoti inyezimire, pamodzi ndi mazinga. Girisi akafika pa nkhope ya mankhwala kapena pa kachibuma kochedwetsa, moto sugwira pamenepo ndipo parachuti siituluka. Katsitsi kamodzi kapena kamchenga kogona pa O-ring n'kokwanira kutsegulira moto njira, choncho mota imamangidwa pa tebulo loyera, pepala la malangizo lili chotsegula, popanda wina wokuchezetsani. Zipangizo za kampani ina sizilowetsedwa m'khoko la kampani ina pokhapokha ngati zinayesedwa ndi kuvomerezedwa motero.

Kutsuka kumachitika khoko likangozizira, tsiku lomwelo. Utsi wa APCP uli ndi asidi wa hydrochloric, ndipo zotsalira zake zikakumana ndi chinyontho cha kuno zimadya aluminiyamu ndi kumatirira chubu chopsacho ku khoma. Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale, kaburashi ka mano kakale ndi nsalu yofewa ndi zokwanira. Apa ndi pamene chizolowezi chathu cha ku khitchini chingaononge zinthu, pakuti aluminiyamu amene timamudziwa ndi wa mapoto, ndipo poto timamukwecha ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulo mpaka awale. Khoko la mota lili ndi chikopa chopyapyala chautoto chimene chinakulitsidwa ndi magetsi ku fakitale kuti chiteteze chitsulo, ndipo kukwecha kumachichotsa ndi kusiya timikwingwirima pamalo pamene O-ring iyenera kugona. Kositiki wopangira sopo ndiye woipitsitsa, chifukwa amasungunula aluminiyamu weniweniyo.

Likauma, khoko limapimidwa lisanabwerere m'bokosi. Muligubuduze pa galasi kapena pa tebulo losalala: likamadumphadumpha, kapena kuwala kukamaoneka pansi pake, ndiye kuti latupa penapake. Muyang'ane utoto wake pa dzuwa, pakuti malo amene afiira, atuwa kapena achita matuza akusonyeza kuti moto unafika pa khoma ndipo chitsulo chafewa pamenepo. Mumange zotsekera ndi zala zokha. Zikamakakamira, mazinga apindika, kapena kamwa laphwanyika pogwera pa mwala, zimene sizichedwa kuchitika kuno kumene miyala ya phiri ili mbwee m'minda. Khoko losamalidwa limagwira maulendo ambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake, umene umapweteka tsiku logula, umapepuka pogawidwa. Ndi nzeru kusunga kabuku kolembamo tsiku, mankhwala amene anaikidwa ndi zimene zinaoneka potsuka, makamaka pa sukulu kapena kalabu pamene khoko limodzi limadutsa m'manja ambiri. Ku America mamota a khoko lachitsulo amagulitsidwa kwa a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo kuyambira pa H munthu amayenera kukhala ndi chiphaso cha National Association of Rocketry kapena Tripoli Rocketry Association, chimene chili ndi magawo atatu: loyamba la H ndi I, lachiwiri la J mpaka L, lachitatu la M mpaka O. Ku kalabu ya sekondale, khoko la aluminiyamu ndi la m'manja mwa mphunzitsi.

Pa bwalo pali kusamala kwina kumene kumakhudza makoko a mitundu yonse iwiri. Mota imene yakana kuyaka si khoko lopsa: mumachotsa kiyi wa batire yoyatsira mota, n'kudikira masekondi 60 musanaiyandikire. Mota ya wonga wakuda imene yanyowa, yagwa kapena ikukayikitsa imaonongedwa poiviika m'madzi mpaka pepala litamasuka, osati kuiponya pa moto wa zinyalala, kumene ana amakonda kuzungulira. Khoko longotuluka mu roketi limaotcha, ndipo loponyedwa pa udzu wouma wa mu Seputembala lingayatse moto umene sudziwa malire a munda wa tiyi, nkhalango ya bulugamu kapena mikungudza yochepa imene yatsala pa phiri. Timalowetsa lililonse m'ndowa yachitsulo ndipo timawerenga kuti obwerera akwane ndi amene tinapita nawo. Kunena za lamulo, dziko lathu lili ndi malamulo a zophulika ndi a kayendedwe ka ndege, choncho sukulu yofuna kuyamba masewerawa iyambe yalankhula ndi apolisi ndi oyang'anira za ndege, ndipo pa luso ingafunse nzeru kwa aphunzitsi a zauinjiniya, monga a ku Malawi University of Science and Technology pa Ndata ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014.

Kwa mnyamata uja, amene chimene ankafunitsitsa chinali kuulutsanso mawa, tinapeza khoko limene limaloladi kudzazidwa ndi manja: botolo lapulasitiki la chakumwa cha gasi, lothiridwa madzi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi kupopedwa ndi pampu ya njinga. Limaphunzitsa za nozo, pulesha, zipsepse ndi kukhazikika popanda moto, ngakhale nalonso limapumitsidwa likakandika kapena likayamba kutuwa m'makwinya, ndipo palibe wololedwa kuweramira pamwamba pake likupopedwa.

Khoko la aluminiyamu limene latupa kapena lapsa khoma silikonzedwa. Kuliwongola ndi nyundo kapena kuliwotcherera kumangowonjezera kufooka, popeza kutentha kwa wotcherera kumachotsa kulimba komwe kuja. Siliyeneranso kusiyidwa lamphumphu pa shelefu, chifukwa pakapita chaka palibe amene adzakumbukire kuti linali ndi vuto, ndipo wina adzalitola poona kuti likunyezimira ngati anzake. Limadulidwa pakati ndi sowo, chidutswa chimodzi n'kukhala chophunzitsira mu labu, kuti ophunzira aone ndi maso mmene khoma lapyapyalira pamene panatupa. Titadula khoko lina lotere, chidutswa chinacho ndinachipereka kwa bambo wina wosungunula aluminiyamu woumba mapoto pafupi ndi msika, amene anachitembenuza m'manja, nachiyesa kulemera, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, aka n'kochepa, sikakwana ndi chogwirira cha sefuliya chomwe," koma anakaponya ndithu pa mulu wa mapisitoni akale amene ankadikira ng'anjo.